Kodi ndingafike bwanji ku Logarska dolina popanda galimoto?

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Ljubljana, likulu la dziko la Slovenia, pa maphunziro, ndipo mu Okutobala ndikufuna kukagona masiku awiri ku Logarska dolina, chigwa chabata cha m'mapiri pafupi ndi mudzi wa Solčava, kuti ndikaone mathithi a Rinka amene madzi ake amagwa mamita 90. Chandivuta ndi mayendedwe, popeza ndilibe galimoto. Sitima yopita ku mzinda wa Celje ndaipeza, koma ndandanda ya mabasi opitirira pamenepo yandizunguza mutu chifukwa yalembedwa m'chiyankhulo cha ku Slovenia. Ndinalemberanso kawiri nyumba ina ya alendo ya pafamu, koma mpaka lero kuli zii. Kodi alipo amene anapitako nyengo imeneyi? Basi imathera pati, ndipo kuchokera ku Solčava munthu angayende wapansi kukafika kumathithiwo n'kubwerako kusanade?