Chimbudzi cha mota chikulira chokha, madzi akubwerera m'shawa

Nabanda (Luton): Moni nonse abale. Ndithandizeni nzeru. Chipinda chomwe ndikuchita lendi chili pamwamba penipeni, kunsi kwa denga, ndipo chimbudzi chake ndi chija chokhala ndi kabokosi koyera kumbuyo kamene kamalira ukagejemula. Sabata ino kayamba kumalira kokha popanda wolowamo, moti ndikachoka ku night tulo sindikutiona. Dzulo nditagejemula madzi akuda atulukira m'shawa, fungo lake losaneneka. Mnzanga akuti ndithiremo mankhwala otsegulira mapaipi. Ndigule ati?

aPhiri (Manchester): Achemwali, chonde musagule. Mankhwala aukali aja, makamaka a caustic soda, amadya labala wa m'kati mwa bokosilo, ndiye vuto laling'ono lisanduka logula china chatsopano. Bokosi limenelo ndi macerator, ambiri kuno amangoti Saniflo ngakhale litakhala la kampani ina. M'kati muli mota ndi timipeni tomwe timagaya zonyansa, kenako pampu imazikankhira mu kapaipi kakang'ono ka 22mm kapena 32mm. Chimbudzi wamba chimatayira mu paipi ya 110mm, ndiye muone kusiyana kwake. Kapaipi kotero sikachedwa kutsekeka. Poyamba ndiuzeni, ikulira bwanji? Ikumayaka pang'ono n'kuzima, ikulira osaleka, kapena ikungong'ung'udza chapansipansi osazungulira?

Nabanda (Luton): Ikakhala yokha imayaka pang'ono n'kuzima. Koma ndikagejemula imalira nthawi yaitali kuposa kale, madzi n'kumatsika mwapang'onopang'ono.

aPhiri (Manchester): Ndiye pali zinthu ziwiri. Mota imayaka madzi akakwera m'bokosi n'kukankha kalabala kamene kamadina switchi. Ikamayaka yokha ndiye kuti madzi akulowa kuchokera kwina. Mwina thanki ya chimbudzi ikudontha, apo ayi valuvu yoletsa madzi kubwerera, yomwe imakhala potulukira, yagwira kanthu ndipo sikutseka bwino. Zikatero madzi omwe anakwera m'paipi amatsikiranso m'bokosi, mota n'kuwakwezanso, basi tsiku lonse. Yesani izi. Pukutani m'kati mwa mbale ya chimbudzi chakumbuyo, dikirani kwa mphindi 30 osagejemula, kenako matanipo tishu youma. Ikanyowa, thanki ndiyo ikudontha.

Za m'shawazo n'chifukwa choti shawa ndiye malo otsika kwambiri olumikizidwa kubokosilo. Pampu ikalephera kutulutsa msanga, madzi amathawira komweko. Pakadali pano musasambiremo, ndipo musatsegule chivindikiro cha bokosilo magetsi ali oyaka. Pakhoma pafupi pamakhala switchi yake, zimitsani pamenepo. Timipeni tija tikhoza kuyamba kuzungulira dzanja lili momwemo.

Nachisale (Reading): Ine ndimakonza m'nyumba za anthu, ndipo zimbudzi zimenezi ndimakumana nazo kawirikawiri. Mayi, mufunse onse amene amalowa m'menemo, ngakhale alendo. Ma wipes ndiwo mdani wamkulu, ngakhale aja olembedwa kuti ndi ogejemula. Sasungunuka, amangokulungana pa timipeni. Chimodzimodzi mapadi, timitengo tokonzera m'makutu, ulusi wa m'mano ndi tsitsi la mesh lothothoka posamba. Ife amayi nkhani ya mapadi timachita nayo manyazi m'nyumba zokhala anthu ambiri, wina amaona ngati kuponya m'chimbudzi ndiye kubisa. Gulani kabini kovindikira muike pambali, nkhani ithere pomwepo. M'chimbudzimo muzilowa tishu basi ndi zochokera m'thupi.

China, ku Luton madzi ake ndi a choko kwambiri. Taonani m'ketulo mwanu zoyera zimakakamira pansi zija, m'bokosimo mumachitikanso zomwezo, ndipo kalabala kakauma nazo switchi siyankha bwino. Pali descaler, mankhwala ochotsa choko, yopangira ma macerator. Mumazimitsa magetsi, kuthira m'mbale, kusiya kwa nthawi yomwe yalembedwa pabotolo, kuyatsa n'kugejemula kawiri. Jiki wambiri ayi, amachita thovu n'kusokoneza.

aPhiri (Manchester): Zoona zimenezo mayi. Kuno madzi ndi ofewa, ndiye za choko sitiziona kwenikweni, koma a kumwera aziyang'ana chimenecho msanga.

aMwale (Bradford): Pepani ndalowerera, changanso ndi chofananako. Chipinda chathu n'chapamwamba. Mota ikangozima kumamveka kugugudza, madzi otsala m'mbale ndi a mu kapaipi kokhota ngati U ka pansi pa sinki amatsika kwambiri, kenako fungo la suweji. Palibe chatsekeka, zonse zimapita bwinobwino.

aPhiri (Manchester): Achimwene, chanucho si kutsekeka, ndi mpweya. Ndikuganiza kuti paipi yanu ikachoka pabokosi imatsika mtunda wautali isanakalowe mu paipi yaikulu. Madzi akamatsika atadzaza kapaipi konse amakoka za kumbuyo kwawo, ndiye amayamwa ndi madzi aja amene ntchito yawo ndi kutchinga fungo. Mankhwala ake n'kuika air admittance valve pamalo okwera kwambiri a paipiyo. Imalowetsa mpweya kukoka kukayamba, koma siitulutsa fungo. Kukulitsa paipi pomwe yayambira kutsika kumathandizanso. Muonenso pachivindikiro cha bokosi, pali popumira pokhala ndi fyuluta ya makala. Ena amamatapo tepi poganiza kuti akutseka fungo, osadziwa kuti akulitsamwitsa bokosilo.

Ndinene zonse poti ena muno mumagwira maganyu a zomangamanga. Paipi yotulutsa iyambe yakwera choongoka pafupi ndi bokosi, kenako iyende chogona uku ikutsika pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse. Osati kuyamba chogona n'kukakwera kumapeto. Pokhota ikani ma bend awiri a madigiri 45 m'malo mwa imodzi ya madigiri 90. Ikadutsa panja kapena m'denga muikulunge zotetezera kuzizira, chifukwa mu Januwale madzi akaundana m'menemo mota imangolira pachabe mpaka kutentha.

aBanda (South Bend): Kwa amene tili kuno ku America musaike air admittance valve ija pabokosi penipeni. Kuno malangizo amati bokosi lilumikizidwe ku paipi ya mpweya yotulukira kudenga, chifukwa limafuna kupuma mbali zonse. Madzi akamalowa mpweya uyenera kutuluka, akamapopedwa uyenera kulowa. Valuvu ija imangolowetsa basi. M'ma basement ambiri momwe anthu athu amakhala ndi momwe zimbudzi zoterezi zili, ndiye muyang'ane.

aPhiri (Manchester): Mwanena bwino achimwene. Imene ndikunenayi ndi ya pa paipi yotulutsa madzi, si yolowa m'malo mwa popumira pa bokosi.

Nachisale (Reading): Nabanda, musatulutse ndalama zanu musanalankhule ndi eni nyumba. Ku England lamulo la Landlord and Tenant Act 1985, gawo 11, limati landilodi ndiye ayenera kuonetsetsa kuti zimbudzi, masinki ndi mabafa zikugwira ntchito. Anthu athu ambiri amaopa kudandaula, amangopirira ndi ndowa, zimandimvetsa chisoni zedi. Alembereni meseji, osati kungoimba foni, ndipo jambulani madzi a m'shawawo. Koma dziwani kuti pulambala akakapezamo ma wipes akhoza kukulipitsani inuyo.

aPhiri (Manchester): Komanso malangizo a zomangamanga, Approved Document G, amalola chimbudzi cha mota ngati m'nyumbamo muli china wamba chomwe munthu angafikeko. Magetsi akazima cha motachi sichigwira. Pansi chilipo china?

Nabanda (Luton): Chilipo bambo, ndayamba kugwiritsa ntchito chomwecho. Tishu ija yanyowa, ndiye thanki ikudonthadi. Ndazimitsa switchi, ndatumiza zithunzi kwa landilodi, akuti pulambala abwera Lachisanu. Zikomo kwambiri nonse.

aPhiri (Manchester): Popeza mwazimitsa mota pomwe thanki ikudontha, tsekaninso madzi olowa m'thankimo lero lomwe, apo ayi bokosi lidzaza n'kusefukira m'shawa. Pa kapaipi kolowera pali kavaluvu kokhala ndi kamzere, potozani ndi sikulu dilaiva mpaka kamzereko kapingase paipi. Pulambalayo akabwera mumuuze aonenso valuvu yoletsa madzi kubwerera ndi timipeni, asangokonza thanki yokha n'kumapita.