Kusintha oyilo pa Sienta K168,000, ndi mtengo wake umenewu kapena andibera?

MayiATada_Area25

Moni nonse, inu odziwa za magalimoto mundithandizeko nzeru. Ndili ndi ka Sienta ka 2010 ka injini ya 1.5, ntchito yake ndi kukasiya ana ku sukulu kenako ine ku ofesi ku Kanengo, mwina kumapeto kwa mwezi kukaona amayi ku Mitundu basi. Lachiwiri ndinakasiya pa galaja ina kuno kwathu kuti andisinthire oyilo chifukwa kapepala kaja amamata pa chitseko kanali katakwana, madzulo ndikupita kukatenga akundipatsa ka lisiti kolemba pamanja mzere umodzi okha, service K168,000. Ndafunsa kuti mwapanga chani ndi chani akuti oyilo, fyuluta, tinatsukanso injini mkati ndiye ndi leba. Ndalipira chifukwa ana anali mgalimoto ndipo kunja kumada koma mtima sukukhazikika mpaka lero. Chigubu cha oyilo sindinachione, fyuluta yakale sindinaione, sindikudziwanso kuti athiramo oyilo wa mtundu wanji. Sindikufuna kunamizira munthu kuba ngati zinthu zangodula, tonse tikuona mmene mitengo ikuthamangira, koma ndikufuna ndidziwe kuti mtengo wachilungamo timauwerenga bwanji. Inu mumalipira bwanji, ndipo mumafunsa chani musanasiye makiyi?

Madala_wa_Probox

Mayi pepani. Ine ndimayendetsa Probox tsiku ndi tsiku kunyamula katundu wa anthu kuchoka mu Old Town kupita Area 23, Kawale, nthawi zina mpaka Lumbadzi, ndipo injini yanga ndi yomweyo ili mu Sienta yanuyo, yotchedwa 1NZ. Injini imeneyi ukasintha pamodzi ndi fyuluta imadya malita 3.7, siifika 4. Ndiye funso loyamba ndi lakuti anakulipiritsani malita angati. Ngati anatsegula chigubu cha malita 5 ndiye kuti lita yathunthu ndi kapamwamba inatsala ndipo ndi yanu imeneyo, munaigula, imayenera kulowa mu buti kuti muzithirira oyilo akatsika. Ambiri sabweza, amasonkhanitsa zotsalazo kenako nkuthira mgalimoto ya munthu wina ndi kumulipiritsanso.

Nambala yeniyeni yoti mtengo ndi uwu sindingakupatseni chifukwa oyilo yense amachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja mtengo sukhala malo amodzi, forex ikasowa wamasitolo amakweza mmawa womwewo. Petulo ndi dizilo a MERA amalengeza mtengo tonse nkudziwa, koma oyilo aliyense amaika wake. Chimene ndimapanga ine ndi ichi, ndimayamba ndaima pa filling station, kaya pa Total kaya pa Puma, kufunsa kuti chigubu cha oyilo wa mtundu wa 5W-30 chili pa bwanji lero, kenako fyuluta ndimafunsa mashopu awiri atatu ku Malangalanga, ndikaphatikiza ziwirizi ndiye ndadziwa pansi pake. Chimene galaja yaonjezera pamwamba apo ndi leba ndi phindu lawo, ndipo ndi pamenepo pokambirana.

Za kutsuka injini mkatizo ine ayi. Munawatuma? Ngati simunawatume sanayenere kupanga asanakuimbireni foni.

Mekaniki_ku_Biwi

Ndilankhuleko ngati munthu amene manja ake amakhala mu oyilo tsiku lonse, chifukwa nkhani zoterezi zikayamba tonse timasanduka akuba. Madala mwanena zoona pa malita, 1NZ ndi 3.7, ka Vitz kapena Passo ka 1.0 ndi malita 3 ndi pang'ono, Hilux ya D4D ndi cha mma 7 ndiye mwini Hilux asamadabwe bilu yake ikaposa ya mnzake wa Vitz. Koma pa leba pokha ndikupempheni mutimvetse. Anthu amati kusintha oyilo ndi kumasula bawuti imodzi basi, mphindi 20, bwanji ukufuna ndalama zonsezi. Malo timalipira lendi, anyamata awiri amene ndili nawo amadya kwa ine, jeke ndi masipanala tinagula, ndipo bawuti imodziyo ndi imene imagwetsa anthu mmavuto. Yabwerapo kuno Ractis imene mnyamata wina wa pansi pa mtengo anamanga sump plug, bawuti yokhetsera oyilo ija, ndi chipaipi mpaka mazinga onse anadyeka, oyilo akudontha usiku onse pa khonde, mwini wake anasangalala kuti walipira leba yotchipa koma ndalama yokonzera sump inaposa imene anapulumutsayo kangapo. Palinso ka washa kaja ka pa bawutipo, kamafunika katsopano, ndi kotchipa kwambiri koma ndi angati amasintha? Komanso fyuluta yatsopano umayamba wapaka ka oyilo pa labala yake ndi chala, kumanga ndi dzanja osati ndi chitsulo, kulizitsa injini pang'ono, kuzimitsa, kudikira kuti oyilo atsike ndiye nkuyeza pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Munthu amene akuchita zonsezi ndi kukuyang'anirani ma brake pad, madzi a mu radiator ndi air filter ali pompo ayenera kulipidwa bwino.

Koma mayi, pa nkhani yanuyi mnzathuyo walakwa ndipo sindimuikira kumbuyo. Mtengo umanenedwa galimoto isanakwere pa jeke. Lisiti ya mzere umodzi ndi yobisa zinthu. Ine kasitomala akabwera ndimamuonetsa chigubu chisanatsegulidwe aone yekha kuti seal ili bwino, fyuluta ili mu katoni yake, tikamaliza yakale ndimaika mu jumbo nkumupatsa pamodzi ndi oyilo wotsala. Sizitenga nthawi ndipo palibe amene amabweranso kudzakangana nane.

Flush ija, kutsuka injini mkati kuja, ili ndi malo ake, injini imene yakhala nthawi yaitali osasinthidwa oyilo mpaka ukatsegula chivindikiro ukuona zakuda zangati phala zitamatirira. Ngakhale pamenepo timaopa chifukwa zinyalalazo zikasweka zimatha kukatseka ka sefa ka oil pump. Galimoto imene ikusinthidwa oyilo pa nthawi yake siifuna flush, imeneyo ndi njira yongokwezera bilu.

Nachisale_47

Asisi bwererani mukawauze mwaulemu kuti akulembereni chilichonse pachokha ndi mtengo wake, dzina la oyilo, malita, fyuluta, leba. Ndi ufulu wanu, simukupempha chifundo. Ine ndimagwira ntchito ya ma accounts ndipo galimoto za kuntchito kwathu sitilipira popanda kotesheni yolembedwa kaye, ndiye ndinangotengera zomwezo pa yanga. Ngati akunena kuti muli VAT mkatimo akupatseni lisiti ya makina a MRA osati ya pamanja. Akakana zonse kuli a CFTC amene amamva madandaulo a ogula, koma nthawi zambiri sizifika kumeneko, akangoona kuti munthuyu akufunsa mafunso odziwa amasintha mayankhulidwe. Chimandiwawa ndi chakuti mzimayi akabwera yekha pa galaja ena amaona ngati wabwera ndi chikwama chotsegula, mwamuna wanga akapita ndi galimoto yomweyo mtengo umakhala wina.

Madala_wa_Probox

Ndiye nchifukwa chake ine ndimati gulani nokha oyilo ndi fyuluta, mupite nazo, mulipire leba yokha, muime pompo mpaka amalize. Palibe kuberedwa. Ndipo kuno kotentha chonchi makamaka October thirani 20W-50 wolemera uja, ndi wotchipanso, magalimoto athuwa abwera kuchokera ku Japan atayenda kale, kutsika pa Dar es Salaam kuyenda msewu onse uja mpaka kulowa pa Songwe, si atsopano ayi.

Mekaniki_ku_Biwi

Madala apo pokha ndikutsutsani, ndipo mayiwa asatsatire zimenezo. 20W-50 ndi wa injini zakale zija, ma Corolla a carburettor, ma Datsun, kapena injini imene yatha kale ikusuta ndipo mwini wake akungofuna ifike chaka chamawa. 1NZ ili ndi VVT-i, oyilo amadutsa mtinjira ting'onoting'ono kukayendetsa timing, mmawa wa June kukuzizira oyilo wolemera amachedwa kukwera pamwamba ndipo ka phokoso mumamva poliza kaja ndi zitsulo zikukhulana zouma. Toyota analemba 5W-30 kapena 0W-20 pa injini imeneyi. Ikakhala kuti yayenda kwambiri ndipo yayamba kudya oyilo tingakwere ku 10W-40, basi. Probox yanu ikupirira chifukwa injini imeneyi ndi yolimba, koma mafuta mukuwotcha ambiri kuposa mmene munayenera, ndi mmene petulo akuvutiramu.

Zogula nokha sindikana, makasitomala anga ambiri amatero, koma mudziwe kogula. Oyilo wa feki alipo mtauni muno, anthu amatola zigubu zopanda kanthu za Castrol kapena Total Quartz nkuthiramo oyilo wotchipa wa mu dramu, ena mpaka wogwiritsidwa kale ntchito wongosefa, nkumata chivindikiro bwinobwino. Mukaona chigubu chikugulitsidwa motsika kwambiri kuposa pa filling station musati mwapeza mwayi. Onani ka mphete ka pa chivindikiro ngati sikanaduke, onani ngati pepala silikumatuka mmbali, ndipo chigubu chanu chikatha chibooleni musanataye. Mafyuluta ndiye ndi oopsa kuposa, kunja alembedwa Toyota bwinobwino koma ukaidula pakati pepala lake ndi lochepa, ka valve ka mkati kalibe mphamvu. Ndipo mumvetse kuti mukabweretsa zanu injini nkuvuta, mekaniki adzati oyilo munagula nokha. Mukagula kwa iye mlandu ndi wake, ndiye ka phindu kamene amaika pa oyiloko mbali ina mukugula chitetezo chimenecho. Kakhale kapang'ono koma, osati kuwirikiza kawiri.

Kondwa_Gulliver

Funso langa lili pambali pang'ono, kodi zoti tizisintha pa 5,000 km zilizonse ndi zoona kapena ndi njira ya magalaja yoti tizibwera pafupipafupi? Pa intaneti amati oyilo wa synthetic amafika 10,000.

Mekaniki_ku_Biwi

Achimwene 10,000 imeneyo ndi ya kumene misewu ilibe fumbi ndipo galimoto imathamanga mtunda wautali osaima. Taganizani mmene mumayendera inu, kuchoka Area 49 kufika City Centre injini isanatenthe bwino mwazimitsa, madzulo mwaima pa mzere wa magalimoto, mawa mwakhala pa mzere wa mafuta kuliza kuzimitsa kuliza kuzimitsa, mileage siikuyenda koma oyilo akugwira ntchito. Onjezerani fumbi la August mpaka mvula igwe kwa amene amalowa misewu ya dothi ya ku Area 25 mkati, Chinsapo, Mtandire. Buku la Toyota lomwe limanena kuti mayendedwe otere muzisintha msanga. Ndi oyilo wamba 5,000 km kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Ndi full synthetic weniweni ndi fyuluta yabwino mutha kupitirirako ndithu, makamaka ngati mumayenda maulendo a Blantyre kapena Mzuzu, koma muzisolola dipstick sabata iliyonse galimoto ili pamalo a fulati.

MayiATada_Area25

Zikomo nonse, ndapitako lero pa lunch ndi mafunso anu ndawalemba pa foni. Poyamba mnyamata wa pa kauntala amati abwana kulibe, ndati ndidikira, atulukira. Andilembera chonchi, oyilo malita 5 K95,000, fyuluta K18,000, flush K25,000, leba K30,000. Ndafunsa kuti injini yanga imalowa malita angati, akuti 4, ndati nanga inayo ili kuti, anangoyang'anizana kenako mnyamata wapita kuseri wabwera ndi chigubu cha 10W-40 muli oyilo pang'ono pansi, kaya ndi changa chomwecho kaya ndi cha wina. Za flush ndawauza kuti sindinatume ndipo simunandiimbire, tavutana pang'ono koma mapeto ake avomera kuti K25,000 adzaichotsa pa service yotsatira, ndati ayi ndikufuna pa Airtel Money lero lomwe, atumiza K15,000 akuti botolo la mankhwalalo anagula ndi ndalama. Ndalandira. Akunenanso kuti oyilo wa gearbox wada afunika kusintha mwezi uno, ndawauza kuti ndiganize kaye. Nanga 10W-40 athirayo ndimukhetse kapena ayende? Ndipo leba ya K30,000 ili bwino?

Mekaniki_ku_Biwi

Mayi 10W-40 musakhetse, mungotaya ndalama, ayende mpaka 5,000 km kenako mubwerere ku 5W-30. Mawa mmawa musanalize sololani dipstick, pukutani, bwezerani, sololaninso, oyilo akhale pakati pa timadontho tiwiri tija ndipo aoneke woyera ngati uchi. Akakhala kuti wapitirira kadontho kapamwamba ndiye kuti anathira chigubu chonse, mukawauze achotseko chifukwa oyilo wochuluka amaphulitsa ma seal. Suzumiraninso pansi pamene mwagoneka galimoto ngati pali dontho.

Leba K30,000 pa ntchito ya oyilo ndi fyuluta yokha kwa ine yakwera, pokhapokha ngati anayang'ana mabuleki, kupopa air filter ndi kuona zapansi, ndipo akanatero akanakuuzani zimene apeza. Za gearbox musafulumire. Sienta ya chaka chimenecho ngati si 4WD, gearbox yake ndi ya mtundu wa CVT, imafuna oyilo wake wa CVT wa Toyota osati ATF wamba wofiira uja, akathira wolakwika gearbox imayamba kuterereka ndipo imeneyo ndi ndalama zambiri zedi. Afunseni atchule dzina la oyilo amene akufuna kuthira ndi malita ake, akulembereni kotesheni, ndiye mubwere nayo pano tiione musanawapatse makiyi.