Malata afika, koma tikiti ya K2,000?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndikudziwitseni kuti malata 60 amene atumiza achimwene athu a ku Joni afika lero masana, tawasungitsa kwa a wapampando. Komiti yagwirizana kuti mpanda wa bwalo la mpira la timu yathu kuno ku Nkhotakota tiyambire mbali ya kumsewu. Mpanda ukatha tikiti idzakhala K2,000 akulu, K500 ana. Zikomo.

Wa ku Area 25: Achimwene a ku Joni Mulungu abwezere pomwe mwachotsa 🙏

Wa kabaza: K2,000?? pabwalo lomweli?

Achemwali a ku Dwangwa: Komiti yagwirizana liti, ife za msonkhano sitinamve

Aphunzitsi opuma: A Mlembi, malatawo tawalandira ndi manja awiri, amene watumiza wachita za umunthu ndipo dzina lake lisalowe mu zimene ndinene. Koma za tikitizo mwangozidutsa ngati nkhani yaing'ono. Lero timapereka K500 pa chingwe paja. Mukuti tichoke pa K500 tifike pa K2,000, ndiye ndifunse, munthu akalipira adzaona chani chimene lero sakuona? Pokhala palibe, timaimirira padzuwa la kunyanja lino kuyambira 2 koloko, mpira wakuti uyamba 2:30 umayamba 4 koloko chifukwa alendo galimoto yawafera ku Benga kapena oyimbira sanafike, mizere ya laimu imatha chigawo choyamba chisanathe, ukonde wa golo ya kumpoto ndi wa usodzi wosokedwasokedwa. Ndipo chimbudzi palibe. Ndabwereza, chimbudzi palibe.

Wa kabaza: Apo ndiye mwayamba bwino madala

Msungichuma: Aphunzitsi chonde za chimbudzi tinazikamba zinatha

Aphunzitsi opuma: Zinatha kwa ndani? Dzenje lilipo mpaka lero, ana akutayamo zinyalala, mbuzi ya eni ake inagweramo dzinja lapitali. Tinasonkha K380,000 mu gulu lomwe lino, ine ndinachotsa pa penshoni yanga. Matumba a simenti tinaona anayi. Lisiti sitinalione. Ndikafunsa mumati buku linanyowa ndi mvula. Ndiye lero mukufuna tikupatseni geti yotolera K2,000 pamutu Loweruka lililonse, buku lake lidzasungidwa kuti kosanyowa?

Msungichuma: Nthawi imeneyo msungichuma sindinali ine, ndinali wachiwiri chabe. Musandiipitsire mbiri pagulu, ana anga ali mommuno.

Aphunzitsi opuma: Sindinatchule kuti mwaba. Ndati lisiti.

Kochi: Akuluakulu ndiloleni ndiyankhulepo ngati munthu amene amakwera nawo lole. Ligi ya m'chigawo chapakati si mpira wa pakhomo ayi. Sabata ino uli Kasungu kudzera msewu wa m'nkhalango uja, ina uli Mchinji, ina Dedza kapena Ntcheu, ndipo mwini galimoto safuna kumva kuti ndife achitukuko, amafuna za mafuta zonse tisananyamuke. Tikakhala pakhomo pali oyimbira, apolisi, laimu, madzi a osewera, nsima ya anyamata. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mpira umodzi wabwino, mabutsi, ngakhale bandeji zonse zinakwera koma geti yathu ili pompaja pa K500. Masewero apitawa anthu anadzaza mbali zonse zinayi koma m'chitini munapezeka K61,500. Anyamatawa ndi asodzi, akabaza, ena amalima mpunga, amasiya ganyu kudzavala jezi ya kwathu ndipo akawina timawapatsa ya sopo basi. Awiri atithawa kale apita kumatimu a ku Lilongwe. Popanda mpanda timuyi ifa ndithu, sindikuwopsezani.

Wa ku Area 25: A Kochi anena zoona. Kuno ku Lilongwe K2,000 ndi ya minibasi chabe, tisamazolowere zaulere

Amayi a kumsika: Kuno si ku Lilongwe bambo. K2,000 ndi ndiwo za usipa za banja lonse pamodzi ndi tomato. Bwerani mudzakhale kuno mwezi umodzi

Wa ku Area 25: Mayi inenso ndine wa konko, mchombo wanga uli ku Linga

Amayi a kumsika: Mchombo uli kuno koma thumba lili ku Lilongwe

Aphunzitsi opuma: A Kochi ndimakulemekezani, mumagwira ntchito yosalipidwa ndipo anyamata amakumverani. Koma mwatipatsa nokha umboni. Anthu odzaza mbali zinayi, m'chitini K61,500. Pa K500 amenewo ndi anthu 123. Ine ndinalipo, anthu anali ochuluka kuposa pamenepo kutalitali, ndipo si onse analowera kumango. Ndinaima pachingwe ndikuona ndi maso angawa, tikiti imodzi ikugulitsidwa, munthu akalowa mnyamata wa pageti saing'amba, amailandira n'kukaigulitsanso kwa wina. Ena amapereka K200 m'manja n'kudutsa opanda tikiti. Achibale a akomiti onse amalowa ndi moni. Dengu ndi lobooka pansi, inu mukuti tithiremo ufa wambiri. Malata atseka kumango, koma pageti atseka ndani?

Goloboyi wakale: Izi ndi zoona, nthawi yathu zinalinso chomwecho. Tinkasewera bwalo lodzaza kenako akutiuza kuti ya sopo palibe

Mlembi: Anyamata a pageti ndi odzipereka, salandira kanthu

Goloboyi wakale: Ndiye vuto lake limenelo a Mlembi. Munthu wosalipidwa mwamugwiritsa chitini cha ndalama tsiku lonse padzuwa

Achemwali a ku Dwangwa: Ine ndifunse za mtengowo. Kuno ku bwalo la Chitowe matimu akuluakulu ngati Bullets kapena Manoma akabwera kudzasewera ndi Mafco kapena Dwangwa United anthu tinkalipira osadandaula, ena kuchoka ku boma pa lole, chifukwa ukuona osewera amene umangowamva pa wailesi, ena a Flames. Mpira umayamba nthawi yake, apolisi alipo. Kwathuko ndi ana athu omwe timakumana nawo kudoko m'mawa. Timawakonda inde koma mtengo usafanane ngati tikuonera Super League

Kochi: Achemwali osewera a Super League amenewo amachokera kuti? Amayambira mabwalo ngati lathu lomweli

Achemwali a ku Dwangwa: Sindikukana a Kochi. Ndikuti K1,000 anthu angayesetse

Wa kabaza: K1,000 bola. Koma ifenso a kabaza tizilowa ndi njinga zathu, kunja zimabedwa

Amayi a kumsika: Nanga ife ogulitsa zitumbuwa ndi mandasi ndi chinangwa chokazinga tizilipiranso K2,000 kuti tilowe? Phindu lake la beseni lonse ndi lomwelo. Ndipo mpanda wa kumsewuwo utseka njira ya kumjigo, mwawafunsa amayi a kuseri kwa bwalo? Mwawafunsa amfumu? Bwalo lija anapereka kuti ana azisewera, atsikana a netiboli amaphunzira pompo madzulo, kiyi wa geti adzasunga ndani

Wapampando: Amfumu akudziwa.

Amayi a kumsika: Kudziwa ndi kuvomera ndi zosiyana bambo

Mlembi: Za netiboli tidzakamba padera chonde tisasakanize

Amayi a kumsika: Chaka chatha munatinso padera. Mayunifolomu a atsikana aja anabwera ndi bonanza ali kuti? Tinawaona tsiku lojambulitsa lokha

Msungichuma: Amenewo anatenga ndi amene ankayendetsa bonanza, sanadutse mwa ife

Goloboyi wakale: Mabonanza omwewo ndi amene anaononga anthu. Chaka cha 2025 nthawi ya kampeni mpira unali waulere sabata iliyonse, zikho, ma T-shirt, ndiye munthu wazolowera zimenezo umuuze K2,000

Wa ku Area 25: Ndale ayi chonde, malamulo a gulu

Goloboyi wakale: Sindinatchule chipani aise

Aphunzitsi opuma: Tibwerere pa mutu. Ine sindikudana ndi mpanda, ndipo amene akufalitsa kumsika kuti aphunzitsi akufuna timu ife asiye. Ndinaphunzitsa theka la anyamata amenewa, ndinkawagulira mpira ndi ndalama yanga timuyi isanalowe ligi. Chimene ndikunena ndi ichi. Ku Super League ndalama za pageti zimawerengedwa pamaso pa mbali zonse, n'kugawidwa, mwini bwalo gawo lake, matimu awiri gawo lawo, mabungwe oyendetsa mpira a Sulom ndi FAM gawo lawo, ndipo mawa lake timamva pa wailesi kuti zapezeka zakuti. Ife chikutiletsa n'chani kuchita zomwezo pa msinkhu wathu? Matikiti akhale a manambala, kabuku kamodzi kakatha kena. Ang'ambidwe pakati munthu akulowa. Mpira ukatha awerenge anthu atatu, wa komiti, kaputeni wa osewera, ndi mayi mmodzi wa kumsika, ajambule pepala aponye muno dzuwa lisanalowe. Tichite zimenezi masewero asanu pa K500 yomweyi, opanda lata ngakhale limodzi. Ndikukuuzani mudzadabwa ndalama zimene zidzatuluke. Zikapezeka kuti sizikukwanabe, ine ndidzakhala woyamba kunena kuti tikweze, ndipo K1,000 ndidzapereka mokondwa. Koma K2,000 ibwere pamene pali chimbudzi cha amayi ndi cha abambo, mabenchi ngakhale a matabwa a m'munsi mwa mthunzi kuti okalamba tikhale, ndi mpira woyamba nthawi yake. Munthu amalipira chimene akuchiona.

Wa kabaza: 👏👏

Achemwali a ku Dwangwa: Ndagwirizana nazo

Wa ku Area 25: Bwanji osangolipira pa Mpamba kapena Airtel Money, chitini chichoke. Ndalama ikalowa pafoni imasiya mbiri

Wa kabaza: Nambala ya ndani?

Wa ku Area 25: Ya gulu

Goloboyi wakale: Nambala ya gulu ija inali m'foni ya ndani nthawi ya maliro aja? Paja inatayika ndi K90,000 momwemo

Mlembi: Foni inabedwa pa depoti, aliyense akudziwa, ndinakanena kupolisi

Goloboyi wakale: Foni ikabedwa ndalama sizipita ndi foni a Mlembi, layini imabwezedwa

Mlembi: Mukufuna kunena chani kwenikweni? Nenani poyera

Wapampando: Abale tadekhani. Mutu umodzi susenza denga, tonse tikufuna zabwino za kwathu. A Goloboyi mawu amenewo abwezeni. Aphunzitsi maganizo anu tawamva koma malata sangadikire masewero asanu, mvula ikayamba mitengo sitipeza ndipo kwanga kulibe malo osungira nthawi yaitali. Mtengo wa tikiti tinangoyerekeza, sunakhazikike.

Achemwali a ku Dwangwa: Koma a Mlembi alemba kuti komiti yagwirizana

Wapampando: Analemba mofulumira

Mlembi: Ndalemba zimene munandiuza bwana

Aphunzitsi opuma: Mwaona? Tsiku loyamba lomwe, wapampando ndi mlembi akusiyana mawu pa nkhani ya ndalama. A Wapampando, ndinu mwana wa mlongo wanga ndipo ndikukuyankhulani ngati malume anu, osati ngati mdani. Malata 60 satseka bwalo lonse, mukudziwa. Mutseka kumsewu, kumango kukhala pululu, anthu adzangozungulira n'kuonera ulere monga kale, olipira K2,000 adzakhala ife ochita manyazi ochepa. Kenako mudzabwera muno kuti tisonkhenso za malata ena, misomali, mitengo, mmisiri. Bwanji malata 12 afolere chimbudzi chija choyamba, otsalawo adikire?

Kochi: Ine Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Mchinji ndipo m'thumba la timu muli K14,000. Mpanda kapena chimbudzi, anyamata akwera chani? Tikalephera kupita atilanda mapointi ndi chindapusa pamwamba

Wa ku Area 25: Ine nditumiza K20,000 ya ulendowo koma kwa a Kochi mwachindunji

Msungichuma: Ndiye ine ntchito yanga ndi chani mu gulu lino? Ngati simukundikhulupirira nenani ndisiye lero lomwe

Amayi a kumsika: Palibe wakuthamangitsani, tikufuna buku basi

Wa ku Joni: Ndangotuluka kuntchito ndapeza mauthenga 80. Abale malatawo ndinagula ndi thukuta, kuno timagwira usiku. Ndinatumiza chifukwa a Kochi anandiuza kuti anyamata akuvutika, za K2,000 ndazimvera muno. Mayi anga amene amakonda mpira kuposa ine sangakwanitse ndalama imeneyo. Musakhome lata lililonse mpaka ndiyankhule ndi amfumu ndi aphunzitsi.

Wapampando: Achimwene mphatso ikaperekedwa imakhala ya gulu

Wa ku Joni: Ya gulu inde, osati ya anthu anayi

Wapampando: Chabwino. Tikumane Lamlungu 2 koloko pabwalo pomwepo, aliyense abwere

Goloboyi wakale: Lamlungu ambiri tili kunyanja, bwanji Lachisanu tikatuluka kumzikiti

Amayi a kumsika: Lachisanu ndi tsiku la malonda ife sitingasiye mabenchi

Aphunzitsi opuma: Tsiku lililonse ine ndibwera. A Msungichuma mubwere ndi buku, lonyowalo lomwelo, tidzaliyanika tonse.

Wa kabaza: Pepani ndifunse, a Mlembi mwati malata ndi 60? Ine ndinathandiza nawo kutsitsa pa lole masana, tinawerenga 54

Wa ku Joni: Ndinalipira 60. Lisiti ndili nalo

Mlembi: Ndikawerenganso mawa kukacha

Achemwali a ku Dwangwa: A Wapampando malatawo ali kwanu, tulukani ndi tochi muwerenge pompano

Wa ku Joni: A Wapampando?