Mafilimu a masewerawa akundisokonezera mwana, kapena ine ndangokalamba?

Malume_Chilomoni:

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya pakhomo, mundigawireko nzeru. Ndimasunga mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 16, ali Fomu 3. Fizi, yunifolomu, nsapato, zonse zimachoka m'thumba mwanga, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, magetsi akathima ndiye kuti tsikulo lapita. Mnyamatayu amasewera nambala 7 mu timu ya m'dera lathu lino. Mpira amautha, apo sindinama. Akaugwira kuphiko uko, anthu a m'mbali mwa bwalo amaimirira.

Vuto linayamba chaka chatha atadzaza memori khadi ndi mafilimu a masewera, ena omasuliridwa m'Chichewa aja a m'mavidiyo shoo. Akazi anga amaweta nkhuku zisanu ndi imodzi kuseri kwa nyumba. Mazira anayamba kusowa. Tinanamizira galu wa aneba mpaka tinasiya kupatsana moni sabata ziwiri zathunthu. Tsiku lina ndadzuka cha m'ma 4 koloko kuti ndikataye madzi, ndikuona tochi ya foni ikuwala kukhitchini. Mkulu uja waswera mazira atatu aawisi m'kapu ya tiyi, wameza kamodzin'kamodzi, nkhope ili makwinya ngati wamwa kwinini, kenako wamanga tayala lakutha m'chiuno ulendo wokwera chitunda. Akuti Rocky, wankhonya wa m'filimu, naye ankamwa mazira.

Za mazira ndinaseka, ndipo aneba tinakawapepesa. Chomwe sindikuseka n'chakuti tsopano akuti teremu ino ikatha, sukulu basi, akufuna mpira tsiku lonse. Ndikamulankhula amangoti, "Malume, wolimbikira salephera. Inu simunaonere."

Ndiye ndinaonera. Mafilimu atatu, masiku atatu, pa kafoni kake komweko. Zaka zonse zovutika amazipanikiza m'mphindi zitatu nyimbo ikugunda: wathamanga, wagwa, wadzuka, wakwera masitepe, manja m'mwamba, basi munthu wapsa. Sindinaone yemwe amagula ufa iye ali kothamanga. Ndipo chomwe chinandivuta kwambiri, kodi mnzake womenyana nayeyo sankadzuka m'mamawa? Onse awiri akhetsa thukuta, koma kamera imatsata mmodzi. Ine ndinasewerako mpira ndili mnyamata, ndipo amene ankalimbikira kuposa tonse, woyamba kufika pabwalo, womaliza kuchoka, lero akupalasa kabaza ndi bondo lomwe silinapole bwino. Filimu yake ili kuti?

Ndikulakwitsa kuona chonchi?

NkhonyaZaKale_Jozi:

Amalume, pa atatuwo Rocky woyamba analipo? Wa 1976 uja? Chifukwa ngati analipo ndiye inuyo ndi mwanayo nonse munagona asanathe. Rocky sanapambane. Anamenyana maraundi 15 ndi Apollo Creed, majaji awiri mwa atatu n'kupereka kwa Apollo. Lamba anabwerera komwe anachokera.

Ndipo taonani momwe anapezera nkhonya imeneyo. Sikuti anakwera pang'onopang'ono chifukwa cha khama. Anali munthu wotolera ngongole za katapila m'misewu ya Philadelphia, wosewera nkhonya za m'timaholo. Amene amayenera kumenyana ndi Apollo anavulala dzanja, otchuka ena onse anakana chifukwa nthawi inali yochepa, ndiye Apollo anangotsegula buku la mayina n'kukopeka ndi dzina lakuti Italian Stallion. Basi. Mwayi unayamba kugogoda, kuthamanga ndi mazira zinabwera pambuyo. Usiku woti mawa lake nkhonya, mwini wakeyo anauza chibwenzi chake kuti sangapambane, akungofuna belu lomaliza limupeze ali chiimire.

Sylvester Stallone, amene anasewera ngati Rocky, analemba filimuyi ataonera Chuck Wepner akumenyana ndi Muhammad Ali mu Malichi 1975. Wepner ankagulitsa mowa kuti apeze chakudya. Anafika raundi ya 15, oimbira n'kuimitsa nkhonya kutatsala masekondi 19. Naye analuza.

Ine ndinasewera nkhonya zaka zisanu ndi ziwiri ndisanabwere kuno, mphuno yanga ndi mboni. Filimu yoyambayo sinama. Anaiwononga ndi otsatirawo, chifukwa pofika 1979 mu gawo lachiwiri anamupatsa lamba, kenako zinangosanduka zogwetsa zimphona.

Ngati mwanayo akufuna Rocky weniweni, muuzeni za Isaac Chilemba wa ku Blantyre komweko. Mu Julaye 2016 anapita ku Ekaterinburg ku Russia, dziko la kwawo kwa Sergey Kovalev, kukamenyana naye pa nthawi yomwe Kovalev anali ndi malamba atatu ndipo ambiri sankamaliza naye maraundi. Anagwetsedwa mu raundi ya 7, anadzuka, anamaliza onse 12. Anagonja pa mapointi. Ife tinaonera pa shabini ina kuno, Amalawi okhaokha, tinakuwa mpaka mawu kutha ngati wapambana.

MadamChisale:

Ine ndimaphunzitsa kusekondale, ndipo chaka chilichonse ndimataya mnyamata mmodzi kapena awiri m'njira imeneyi. Funso lanu lakuti filimu ya wakabazayo ili kuti lili ndi yankho. Ilipo, dzina lake Hoop Dreams, ya 1994. Si yosewera, ndi moyo weniweni. Anatsata anyamata awiri a ku Chicago, William Gates ndi Arthur Agee, kwa zaka zisanu kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 14. Onse awiri aluso la basketball, onse awiri olimbikira, onse anatengedwa ndi sukulu ya pulaiveti yomwe inkafuna osewera.

Agee anabwezedwa pakati pa chaka chifukwa makolo ake analephera kumaliza fizi. Pali malo ena m'filimumo pomwe kunyumba kwawo awadulira magetsi, banja lonse lili mumdima ndi kanyale kamodzi. Nditaona apo ndinati awa ndi aku Ndirande, angosiyana chilankhulo. Gates anatsala pasukulupo chifukwa panapezeka omulipirira, koma bondo linavulala, opaleshoni, kubwerera msanga pabwalo, kuvulalanso. Palibe mwa awiriwo anafika mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America. Pa chaka NBA imasankha osewera atsopano pafupifupi 60, kuchokera pa dziko lonse lapansi.

Chomwe mpirawo unawapatsa ndi malo ku koleji. Gates anapita ku Marquette, Agee anakathera ku Arkansas State. Ndiye mwana akamati ndisiye sukulu chifukwa cha mpira ndimadabwa, chifukwa kumene kumachokera mafilimuwa, mpira ndi njira yolowera sukulu.

Filimuyi ndi ya pafupifupi maola atatu ndipo mulibe nyimbo yothamangira. Ndikukayika ngati a vidiyo shoo angaimasulire, ana angawatuluke.

Tadala_09:

Pepani akuluakulu koma inu mumatha kupha maloto. Ndiye tisamaonere chilichonse chopatsa mphamvu? Tizingoonera anthu akudulidwa magetsi, ngati kwathu sitikuziona kale?

Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwambi umenewu sunachoke ku Hollywood, ndi wa agogo anu omwe. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, kumudzi, komwe mtsikana womenya mpira ankamuona ngati wasokonekera. Tabitha anapita ku Sweden mu 2014, kenako China, kenako Inter Milan komwe anaposa onse kugoletsa mu ligi ya Italy. Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, zomwe palibe anachitapo mu ligi ya amayi ya ku America, ndipo anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse. Akanamvera malume ngati inu bwenzi ali kuti?

Ndipo si mafilimu onse ali a ku America. Queen of Katwe ya 2016 ndi ya ku Kampala, Phiona Mutesi ankagulitsa chimanga mumsewu, sankapita kusukulu, koma chess inamutengera kunja. Ine ndinaionera ndili Fomu 2 ndipo ndi imene inandichititsa kuti ndisasiye netibo pomwe anzanga onse ankasiya. Sindinafike ku Queens, ndikudziwa, koma mpaka lero Loweruka lililonse ndili pabwalo ndipo sindidandaula.

MadamChisale:

Tadala mwana wanga, sindikukutsutsa, koma taikumbukira bwino filimu yakoyo. Phiona anapita kwa Robert Katende tsiku loyamba chifukwa chiyani? Anatsatira mchimwene wake, ndipo kumeneko ankagawa phala. Panali munthu wamkulu wophika phala, wophunzitsa, wokapempha malo m'mipikisano ya ana a sukulu zodula, wokachonderera mayi ake. Khama linali la Phiona, eya, koma chotsa Katende ndi kapu ya phala ija uone ngati filimu ikhalapo. Ndipo mathero ake enieni, mu 2017 anakayamba yunivesite ku America. Wabwereranso kusukulu komwe kuja.

A Chawinga ndi awiri. Atsikana amene ankasewera nawo pa mabwalo a fumbi aja anali angati? Sitikuwadziwa, ndipo sindikhulupirira kuti onsewo anali aulesi. Apa ndi pomwe mafilimuwa amandipsetsa mtima. Akamati wolimbikira salephera, mwana amene walephera amatsala ndi yankho limodzi lokha, loti vuto ndi iyeyo. Ndawaonapo akubwerera ku matrayo atawauza kuti ndi aafupi, kapena atasowa ya basi tsiku lachiwiri, n'kumadziimba mlandu ngati anagona.

Amalume, muonetseni King Richard, ya bambo wa Venus ndi Serena Williams. Si munthu woti ndingamutengere zonse, koma m'filimumo anawachotsa ana ake m'mipikisano ya achinyamata kwa zaka zingapo, makochi akulira, ndipo sukulu sankanyengerera. Poti mwanayo amamvera mafilimu kuposa inu, mubwezereni filimu.

Bra_Zomba:

Ine langa ndi limodzi. Mazira aawisi amatsegula m'mimba, ndinayesa mu 2003 nditaonera filimu yomweyo. Ndinathamangadi m'mawa umenewo, koma osati kuchitunda.

Malume_Chilomoni:

Bra_Zomba mwandiseketsa ndili ndi chitsulo chamoto m'manja.

A NkhonyaZaKale munanena zoona, tinagona. Dzulo nditaweruka ndinamuitana kuti tionere mathero a woyamba uja. Ndinamufunsa kaye kuti anapambana ndani, iye n'kuti Rocky, mosakayika n'komwe, ndipo akuti waionera kasanu. Pamapeto paja pamakhala phokoso, nyimbo yakwera, Rocky akukuwa dzina la mkazi wake, wolengeza zotsatira akumveka chapansipansi. Tinabweza katatu, foni ili pakhutu. Kachitatuko anangoti "aaa" n'kukhala chete. Kenako akuti, "Komabe sanagwe." Ndinamuuza kuti anagwa, anangodzukanso. Tinatsutsana pamenepo mpaka nsima kuzizira.

Tadala, sindikufuna kumulanda mpira. Mwina sindinafotokoze bwino. Ndikamuona akudutsa anthu kuphiko kuja nanenso mtima umagunda, ndipo mwina chimene chimandiopsa n'chakuti ndimamukhulupirira pang'ono.

Tagwirizana motere. Sukulu mpaka MSCE, palibe kukambirana. Ine ndimugulira jombo za pakaunjika mwezi ukatha, chifukwa zomwe ali nazo chala chachikulu chimasuzumira kunja. Dzira limodzi patsiku, lowiritsa, ndipo azilipira posesa pashopu Loweruka masana akachoka kumpira. Sanasangalale kwenikweni, koma lero m'mawa yunifolomu anavala, ngakhale tayala lija anayamba walikoka kaye.

Madam, Hoop Dreams ndafunsa malo awiri obenera mafilimu kumsika kuno, onse akuti sanaimvepo, mmodzi amafuna kundipatsa ya karate m'malo mwake. Alipo ali nayo pa fulashi kuno ku Blantyre? Ndibwera ndekha kudzatenga, ndipo ngati geti lanu likulira ndiliwotcherera ulere.