Lenzi yachita nthunzi pa Phiri la Mulanje: ndithandizeni ndisanabwererenso

Wojambula wa ku Limbe:
Akuluakulu anzanga pa ntchito, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo. Kumayambiriro kwa Julayi ndinapeza ganyu yojambula alendo asanu ndi mmodzi pa ulendo wokwera Phiri la Mulanje, kuchokera ku Likhubula mpaka pansonga ya Sapitwa. Tsiku lachiwiri chiperoni chinatipeza m'njira, ndipo titafika ku kanyumba ka Chisepo ndinalowa kamera ili pakhosi n'kuthamangira kukaotha moto. Pasanapite nthawi galasi la lenzi linali litayera mbuu, ndipo ngakhale ndinapukuta kunja, nthunzi ina inali m'kati momwe nsalu singafike. M'mawa mwake mabatire awiri mwa atatu ankaonetsa kuti atha, ndipo zithunzi za pansonga, zimene alendowo ankazifunitsitsa, zinatuluka zotuwa ndi zakuda. Mu Ogasiti ndikubwereranso ndi gulu lina, ndipo sindikufuna kuchitanso manyazi otere.

Wojambula wa ku Zomba:
Achimwene, pepani kwambiri, koma chimene chinakupwetekani si chifunga cha panja ayi, ndi moto wa m'nyumbamo. Mukatulutsa botolo la Fanta m'firiji tsiku lotentha limachita thukuta, ndipo kamera yanu inachita chimodzimodzi: inazizira tsiku lonse m'chiperoni, kenaka munailowetsa mu mpweya wofunda wodzaza ndi chinyezi cha zovala zonyowa ndi miphika yowira, ndiye madzi anagwira pa galasi lililonse lozizira, la kunja ndi la m'kati lomwe. Lenzi ya zoom, ija yokokera pafupi zinthu zakutali, ndiyo imavutika kwambiri chifukwa mukamaitembenuza imakoka mpweya ngati pampu.

Chochita n'chakuti musanatsegule chitseko, pukutani madontho onse muli pakhonde, ikani kamera m'jumbo yolimba yopanda chibowo, finyani mpweya wonse n'kumanga pakamwa. Ikhale m'menemo, m'kati mwa chikwama, kutali ndi moto, kwa ola limodzi kapena awiri, kufikira itafunda pang'onopang'ono. Thukutalo likabwera lidzagwira kunja kwa jumboyo. Ngati mukufuna kuona zithunzi usikuwo, chotsani memori khadi mukadali panja. Ndipo chonde musasinthe lenzi m'chifunga, chifukwa chinyezi chikafika pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamagwira chithunzi, mwaluza tsiku lonse. Ine ku Mulanje ndimakwera ndi lenzi imodzi yokha ya 24–105mm, ndipo sindiichotsa mpaka nditatsika.

Wojambula wa ku Lilongwe:
Bambo a ku Zomba anena zoona, ine ndiwonjezere za mabatire. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumtundako kumazizira mpaka kugwa chisanu. Batire ya lithium ikazizira imalephera kutulutsa mphamvu ngakhale moto ulimo, choncho n'zotheka kuti awiri aja sanathe konse, anangofooka. Muziwasunga m'thumba la m'kati mwa jekete, pafupi ndi thupi, ndipo usiku muzigona nawo m'chofunda chanu. Yofooka mukaifunditsa kwa kanthawi imajambulanso ndithu. Musayembekezere kutchaja m'tinyumba ta pamwambapo. Tengani power bank ndi tchaja ya USB, ndipo muzimitse Wi-Fi ya kamera.

Koma kutuwa kwa zithunzi kuja ndikukayika ngati kunachokera ku nthunzi yokha. Kamera ikaona chifunga choyera imaganiza kuti kuwala kwachuluka, ndiye imachepetsa yokha mpaka choyeracho chioneke ngati phulusa, nkhope za anthu n'kuda. Kwezani exposure compensation (poonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) kufika pa +1, muone histogram (kagalafu koonetsa mmene kuwala kulili m'chithunzi), ndipo mujambule mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yagwira) kuti mukathe kukonza mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom. Muyandikirenso anthu anu, chifukwa chifunga chimene chili pakati pa inu ndi iwo ndicho chimameza mitundu. Ine chithunzi chimene ndimachinyadira kwambiri cha kumeneko ndi cha wonyamula katundu wavala sikumba yofiira, madontho ali lendelende pa nsidze zake, kumbuyo kwake mwala waukulu ukuoneka mwa apo ndi apo. Ndinayamba ndamupempha, ndipo nditatsika ndinamutumizira pa WhatsApp.

Wojambula wa ku Mangochi:
Ine ndikadali wamng'ono pa ntchitoyi, koma ndinamva kuti kamera yonyowa imauma ikakwiriridwa mu mpunga. Kodi zimenezi sizingawathandize achimwenewa?

Wojambula wa ku Zomba:
Mng'ono wanga, mwachita bwino kufunsa, koma mpunga umenewo muphike mudye. Uli ndi fumbi longa ufa limene limalowa m'mabatani ndi m'mphepete mwa lenzi, ndipo suyamwa chinyezi mokwanira. Gwiritsani ntchito timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, ngakhale kuti takale timafunika kuumitsidwa kaye pa kutentha kochepa. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi lenzi ya anzathu a ku Limbe: ngati inabwerera m'chikwama ili yonyowa, chuku chikhoza kumera m'kati, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi moti sichichokanso. Achimwene, chotsani zotsekera zonse ziwiri, muunike ndi tochi, muone ngati muli timizere tonga ulusi wa kangaude.

Wojambula wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri nonse. Ndaunika monga mwanenera, akulu, ndipo timizereto sindinatione, koma m'mphepete mwa galasi la kumbuyo muli kadontho kouma kofanana ndi banga la madzi, kotero mawa ndiipereka kwa wokonza. Mayi a ku Lilongwe, mwalasa: ndayang'ana zithunzi zija ndipo zonse ndinajambula exposure compensation ili pa 0, komanso mu JPEG osati mu RAW. Ndagula jumbo zokhuthala ndi batire yachinayi, ndipo ndapempha wotiperekeza kuti tiwonjezere usiku umodzi ku Chisepo, kuti chifunga chikatseka tsiku loyamba tidzayesenso m'mawa wotsatira.