Zakumwa zopatsa mphamvu: ndi ziti zimayenda mu golosale kuno ku Mangochi?

Wa pa Boma:
Akuluakulu, funso langa ndi la ma energy. Mitundu yachuluka: Red Bull, Monster, Dragon, Kung Fu, Azam Energy. Munthu wa mpamba wochepa apikule ziti, ndipo azitsatsa bwanji poti golosale iliyonse ikugulitsa zomwezo?

Che Sitolo:
Achimwene, yambani mwafunsa kuti akumwa ndani. Kuno ndi anyamata a kabaza, madalaivala a minibasi ndi asodzi opita kunyanja usiku. Amenewa amayang'ana zinthu zitatu: mtengo, kukula kwa botolo ndi kuzizira. Dzina limabwera pambuyo. Botolo la pulasitiki lokhala ndi chitsekero limaposa chitini chifukwa wakabaza amamwa theka, n'kutseka, n'kunyamula kasitomala. Chitini ukatsegula umayenera kumaliza pomwepo.

Ndiye pa makatoni khumi, asanu ndi atatu akhale a zotchipa, mitundu iwiri kapena itatu basi. Red Bull katoni imodzi ya zitini 24 ikukwanirani, pokhapokha ngati muli kufupi ndi malo ogona alendo a ku Makawa kapena Monkey Bay. Ndalama yomwe mwagoneka pa katoni imodzi yodula ikadazungulira kangapo pa zotchipa.

Mai a Hokala:
Kuwonjezerapo: mpikisano weniweni uli mu filiji. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno, chakumwa chofunda sichigulidwa ngakhale mutsitse mtengo. Ikani usiku kuti m'mawa zikhale zitazizira, ndipo magetsi akazima musamatsegule filiji pafupipafupi. Mu fiiza musazisiye mpaka kuuma, chitini chimafufuma kapena kuphulika. Kampani ikakubwerekani filiji yake werengani pangano bwino, kawirikawiri salola kuikamo katundu wa opikisana nawo.

Wa pa Boma:
Nanga bwanji Red Bull imadula chonchi pomwe kachitini n'kakang'ono?

Mphunzitsi wa Malonda:
Mukulipira dzina, bambo. Red Bull inayamba kugulitsidwa ku Austria mu 1987, woyambitsa wake Dietrich Mateschitz atatengera chakumwa cha ku Thailand chotchedwa Krating Daeng. Kuyambira kale kampaniyi imathira ndalama zambiri m'masewero, mpikisano wa galimoto wa Formula 1 ndi matimu a mpira ngati RB Leipzig. Monster inalowa ndi njira ina, chitini chachikulu: 500ml yokhala ndi 160mg ya caffeine (chomwe chimachotsa tulo m'zakumwazi), pomwe Red Bull ya 250ml ili ndi 80mg. Mukawerengera bwino mphamvu yake pa mililita ndi yofanana. Mu 2015 Coca-Cola inagula gawo la 16.7 peresenti mu Monster, ndiye amadutsira m'njira zogawira katundu za Coca-Cola. Za ku Zambia ndi Tanzania, monga Kung Fu ndi Azam Energy, zimalimbana ndi onsewa pa mtengo basi.

Che Sitolo:
Chomaliza, samalani katundu wotchipa modabwitsa wolowa mozemba. Onani tsiku lothera ntchito pa katoni iliyonse musanalipire, ndipo zakale muziika kutsogolo kuti zituluke msanga. A MBS (Malawi Bureau of Standards, bungwe loyendera ubwino wa katundu) akapeza zotha ntchito amalanda. Mu 2019 chakumwa china cha ku Zambia chinaletsedwa atachipeza ndi mankhwala a sildenafil (omwe ali mu Viagra), choncho za dzina lachilendo zolonjeza "mphamvu za abambo" zisiyeni. Ana asukulu ndi amayi oyembekezera musawagulitse, chenjezolo linalembedwa pa chitini pomwepo.