Za amalume aja osanza magazi, zadziwika tsopano

Paja sabata yatha ndinafunsa za amalume anga a ku Chibavi amene anasanza magazi theka la beseni usiku, chimbudzi chawo chakuda bii ngati phula la mumsewu. Ambiri munati ma alsa, ena kachasu, koma amalume ndi mkulu wa mpingo sanalawepo olo dontho.

Atawalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kukhosi adokotala akuti vuto ndi chiwindi, chinawonongeka ndi likodzo la m'matumbo, pajatu anakulira ku Nkhata Bay kusodza usipa. Mazira a likodzo amakatsakamira m'chiwindimo nkusiya zipsera ndiye magazi ochokera m'matumbo akavutika kudutsa amabwerera nkutupitsa timitsempha ta kumapeto kwa mmero pafupi ndi chifu, tsiku lina kamodzi phuu kuphulika. Nchifukwa chakenso kapamba wawo watupa. Mowa ndi matenda a chiwindi a hepatitis B akuti zimafikitsanso pomwepa.

Awathira magazi, timitsemphato amanga ndi timalabala, awapatsa mankhwala a likodzo a praziquantel, nayo propranolol yochepetsa mphamvu ya magazi m'timitsemphato azimwa tsiku lililonse. Brufen ndi asipirini awaletseratu zimakanda chifu, komatu Brufen yo ndimawagulira ndine pa okala akadandaula msana, ndinangoti zii adokotala akufunsa.